Tsamba Limene Alamu Anachotsa

Achemwali,

Pepani kukuvutitsani pomwe muli ndi ntchito yanu kutaliko. Muli bwanji inu ndi ana? Bondo lija linasiya kutupa? Kuno tili moyo, koma mtima wanga ukuwira.

Mukudziwa kuti boma likufuna kuletsa zovala za kaunjika chifukwa eni fakitale ya nsalu akulikakamiza. Ife ogulitsa tinalemba kalata yokana. Ndinayenda benchi ndi benchi masabata atatu mpaka anthu 412 anasayina, osadziwa kulemba ndinawadinditsa chala. Cholakwa changa n'chimodzi: mawu okanawo anali pa tsamba loyamba lokha, masamba enawo anali mayina basi.

Amuna anu, monga wapampando wathu, ndiwo anakapereka kalatayo ku unduna. Lachiwiri wailesi inalengeza kuti ogulitsa kaunjika 412 agwirizana ndi chiletsocho. Mayi wa benchi yoyandikana ndi yanga anandifunsa pagulu ngati chala chake ndinachigulitsa pachokha kapena pamodzi ndi inki.

Ndinathamangira ku unduna, kalaliki n'kundionetsa kalatayo. Mayina ndi athu, koma tsamba loyamba ndi lina. Pakona pa masamba a mayina pali timabowo tinayi, pomwe ine ndinamenya sitepulo imodzi yokha.

Nditawafunsa alamu, anaseka, n'kunena kuti pulayimale yanga ndiyo ikundivuta, za malamulo ndiziwasiyira ovala tayi. M'mawa mwake ndinamva kuti a fakitale awalonjeza shopu yogulitsa nsalu zawo.

Sindikubisirani, kupepesa kwawo sindikukufuna. Lachinayi pa 19 aphungu adzamva mbali zonse. Ndikufuna alamu adzakhale kutsogolo, ine ndiwawerengere tsamba lenilenilo pang'onopang'ono ndi pulayimale yangayo, mpaka tayiyo iwathine pakhosi. Adzatuluke msika wonse ukuwaloza.

Tsambalo munatayipa ndinu mutabwera ku tchuthi. Kope lake, lokhala ndi siginecha ya alamu ndi deti, munaliika m'thumba la mkati la chikwama chanu chofiira. Nditumizireni pa basi, losapinda, mu envulopu yomata.

Ndikudziwa kuti ndi bambo wa ana anu. Komanso ine ndine mlongo wanu, ndipo lamuloli likadutsa benchi yanga isanduka nkhuni.

Mundiperekere moni kwa ana. Mulungu akusungeni. Chonde ndiyankheni lisanafike Lolemba pa 16, ngakhale yankho likhale ayi, kuti ndidziwe ngati ndikaime ndi pepala m'manja kapena ndi pakamwa pokha.

Ine mlongo wanu wamng'ono.