Kajekete ka Lesi Kamene Abambo Anandisoketsa

Okondedwa achemwali,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi msana uja unaleka kukuvutani? Nanga alamu ndi ana ali bwanji? Ife kuno tilipo ndithu, kungoti kamwana kanu kakumera mano, ndiye kakungoluma aliyense wokanyamula.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Nkhani iyi si ya pafoni, chifukwa inu mukangoyankha mumatsegula sipika, nyumba yonse n'kumamvera. Muwerenge muli nokha, mukatha muibise.

Choyamba ndi za maso a abambo. Ng'ala ija anachotsa bwinobwino kuchipatala ndipo diso likuona. Tsiku limene anawamasula bandeji anandiyang'anitsitsa n'kunena kuti ndakalamba. Akwera basi dzulo m'mawa, choncho mmene kalatayi izikupezani adzakhala atafika kale. Mankhwala odonthezera m'diso ndi katatu pa tsiku. Muziwakumbutsa, paokha sangakumbuke.

Koma chandilembetsa kalata ndi china.

Patapita masiku atatu chitulukireni m'chipatala, ndikuchokera kuntchito ndinawapeza atakhala pafupi ndi makina osokera, atafumbatira kajumbo pamiyendo. Anandifunsa ngati ndimasokabe. Ndinati inde, Loweruka ndi Lamlungu masana, timazigamba ta anthu oyandikana nawo. Apo anatulutsa nsalu ya lesi. Achemwali, lesi yake! Yoyera ngati mkaka, ya timaluwa ting'onoting'ono, yopepuka moti ukaipumira imauluka. Abambo athu omwe aja, amene sasiyanitsa nsalu ya katani ndi ya diresi! Anati akufuna kajekete kopepuka kovala pamwamba pa diresi, kotsegula kutsogolo, kopanda mabatani, manja ake ongopitirira pang'ono pachigongono. Mawu onsewa anawatchula mwandondomeko ngati munthu woloweza.

Ndinafunsa kuti n'ka ndani. Anati n'ka azakhali. Ndinati ndiwaimbire azakhaliwo andiuze miyezo yawo. Anakana msangamsanga, amvekere akufuna akangowadzidzimutsa, ndipo miyezo ali nayo kale. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kachingwe kokhala ndi mfundo zinayi. Mfundo yoyamba akuti ndi mapewa, yachiwiri mkono, yachitatu kutalika, yomaliza chifuwa.

Nditakayala kachingweko pa tepi ndinangoti kakasi. Azakhali mukuwadziwa inu. Paukwati wa mwana wawo ndinawasokera ine bulauzi, nsalu inaperewera mpaka tinachita kukagula ina. Kachingwe aka sikangawazungulire ngakhale atatulutsa mpweya wonse. Mwini wa miyezo iyi ndi munthu wochepa thupi, wamfupi, wa timapewa. Nditawauza abambo anayankha kuti azakhali aonda masiku ano. Kodi n'zoona, achemwali? Munthu amaonda mpaka kufupika?

Ndipo funso limene linandisowetsa mtendere ndi lakuti, anayeza ndani? Mapewa ndi mkono ndingamvetse. Nanga chifuwa?

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuwaika m'diso. Foni ikalira ankatuluka kukayankhira kuseri pampopi, atatembenukira kukhoma. Ankaseka kuseka kumene sindinakumvepo chimwalirireni amayi. Ndikafunsa ankati ndi munthu amene akuwasungira mbuzi. Mbuzi zoseketsa chonchi ine sindinazionepo. Nsapato ankapolisha tsiku lililonse pamene sakupita kulikonse. Mafuta anga odzola onunkhira aja atsala theka la botolo.

Nditawadandaulira alamu anu, anangoseka n'kunena kuti ndiwasiye akuluakulu, nawonso ndi munthu. Kenako mayi wa nyumba yoyandikana nafe anandiuza kuti tsiku logula lesi anawaona akutuluka awiri, alamu anuwo atawagwira mkono. Ndiye kuti mpongozi ndi mkamwini anapangana, ine n'kukhala chitsiru m'nyumba mwanga momwe. Alamu anu mpaka lero akukana, koma akamakana sandiyang'ana kumaso.

Loweruka ndinaiyamba ntchito, poti mwana sakanira bambo ake. Ndinajambula patani pa nyuzipepala, kumbuyo, zakutsogolo ziwiri ndi manja. Lesi ndi nsalu yamwano. Choko sichilembapo, mapini amangogwera m'timabowo, ndipo imaterera patebulo ngati nsomba. Ndinachita kuisindikiza ndi makapu ndi mtanda wa sopo kuti ndidule. Ndinadula mwakuti m'mphepete mwake mwa mafundemafunde mukhale kumunsi ndi kumapeto kwa manja, kuti pasafunike mpendero.

Nditangoponda makina, anayamba kuidya, kuikokera pansi n'kuikwinya. Ndinasintha singano n'kuika yaing'ono, koma sizinathandize. Ndiye ndinakumbuka njira ya amayi, yoyala pepala lopyapyala pansi pa nsalu, kusokera pamodzi, kenako n'kuling'amba. Msoko unayenda tswii, wowongoka. Apo m'pamene mtima unandiwawa. Makina awa ndi awo. Pagudumu pamene penti inafufutika ndi dzanja lawo pakadali chomwecho. Ndipo ine mwana wawo ndili pamenepo, kusokera mkazi wina amene mwina adzalowa m'chipinda chawo n'kusuntha zinthu zawo. Ndinanamizira kuti kanthu kandigwera m'maso.

Tsopano ndiulule tchimo langa, chifukwa wina woti ndimuuze ndilibe. Manja onse awiri ndinawapanikiza dala m'khwapa. Ndinkati mayiyo akadzangokweza mkono pagulu, kadzang'ambike kuti pwee, anthu aone. Abambo anali atakhala pomwepo, kuyang'anitsitsa ndi diso lawo latsopano, osadziwa kanthu. Nditamaliza anakanyamula mosamala ngati dzira n'kunena kuti ndili ndi dzanja la amayi. Anapitiriza kuti amayi sankalola chovala kutuluka m'nyumba chili ndi cholakwika, ngakhale cholakwika choti mwini wake sangachione.

Lamlungu masana onse ndinakhala pakhonde, kumasula ulusi umodziumodzi ndi nsonga ya singano. Ulusi woyera pa lesi yoyera, achemwali, maso anachita kundiwotcha. Mwayi wake podula ndinali nditasiya nsalu yokwanira m'mbali. Ndinasokanso manjawo momasuka, ndinaika riboni yopyapyala kuzungulira khosi mpaka kumunsi, n'kusita nditayala kansalu konyowa pamwamba kuti simbi isawotche. Kanatuluka kokongola kuposa chilichonse chimene ndinasokapo. Ndinapsa nako mtima kukongola kwakeko.

Dzulo ndinawaperekeza kokwerera basi. Chikwama analola kuti achiike kumbuyo, koma kaphukusi ka kajekete anakana, anakaika pamiyendo. Basi inali isanadzaze, ndiye ndinakhala nawo pampando n'kulimba mtima. Ndinawauza kuti ine si mwana wakhanda, andiuze zoona, kajeketeka si ka azakhali.

Anayang'ana pawindo. Kenako anati, "Mwana wanga, zaka zitatu ndakhala ndikuyankhula ndi wailesi. Wailesi siyankha."

Anandiuza kuti pali mayi wina, nayenso wamasiye, amene anasamukira kwathuko maso awo atachita kale mdima. Tsiku lina anawapeza pamsewu akulimbana ndi foni, n'kuwawerengera uthenga, ndipo unali uthenga wanga womwe. Kuyambira apo ndi iye amene ankawawerengera mauthenga athu ndi malemba a pamankhwala. Za kachingwe anati anayeza pa diresi yake ili yoyanika panja, chifuwa anachita kuwirikiza kawiri. Izi ndazilandira theka, theka linalo ndasunga.

Chimene chinanditseka pakamwa ndi ichi. Akuti nkhope yake sanaionepo bwinobwino. Amadziwa mawu ake ndi kayendedwe kake basi. Akupita kukamuona koyamba ndi diso latsopanoli, ndipo mawu a banja sanamuuzebe. Kajeketeko ndi kamene akayambire nkhani. Dzina anakanitsitsa kunditchulira. Anati akayamba amva yankho lake, ndipo likakhala labwino adzatiitana ana tonse atatu n'kutiuza mwaulemu wake. Kondakitala anayamba kumenya chitseko, ine n'kutsika.

Pobwerera kunyumba mutu unali wodzaza. Mbali ina ndinali ndi manyazi, chifukwa ntchito imene ankagwira mayiyo inali yathu ife ana. Ine ndinkangotumiza mauthenga, osadzifunsa kuti munthu wosaona awawerenga bwanji. Koma mbali ina mtima ukukanabe. Munthu amene anawapeza ali osaona, okhala okha m'nyumba ya zipinda zinayi, ndi munda ndi ziweto, anakonda iwowo kapena zimene anaona iyeyo? Mauthenga athu onse wawerenga, za m'banja mwathu akuzidziwa, pamene ife ngakhale dzina lake sitikulidziwa. Paja chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Komanso ndikudabwa nanu, achemwali. Mumakhala mtunda woyenda pansi, mumawaona sabata iliyonse. Zoona simunamvepo kanthu? Kapena nanunso muli m'gulu la alamu anu?

Pempho langa ndi limodzi. Mutsegule maso muone amene avale kajeketeko. Simungakasokoneze ndi kena, kwathuko kulibe kofanana nako. Ine ndikuganizira mayi uja anabwera kudzakhala ndi mwana wake mphunzitsi, koma mwina ndikumunamizira. Mukamudziwa musamufunse kanthu, ndipo musamuonetse nkhope yoipa. Mungofufuza mwakachetechete kumene anachokera, mmene ankakhalira ndi malemu amuna ake, ndi zimene anthu oyandikana naye amanena. Mukatero mundilembere. Achimwene musawauze kaye, mukudziwa mmene amapsera mtima asanamve mutu wa nkhani.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana onse, kwa azakhali ndi kwa amalume. Achimwene ndi akazi awo muwauze kuti tili bwino ndipo abambo anachira. Alamu anu kuno akupereka moni, ngakhale sakudziwa zimene ndalemba.

Ndatsala pang'ono kuiwala. Zikhoza kuchitika kuti masabata awiri kapena atatu n'kudutsa popanda wovala kajeketeko. Zikatero mudziwe kuti mayiyo wakana. Musadzawafunse abambo chilichonse. Mudzangotenga ana n'kupita kukaswera nawo tsiku lonse, ndipo mudzandiimbire ndiyankhule nawo.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Mzime wa amayi