Mawu Anu Anamveka Mpaka ku Kiyosiki

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko? Miyendo ija inaleka kutupa? Ndikhulupirira kuti komwe muliko kulibe zodikira munthu kuti akutembenuzeni pamphasa. Ndine Yamikani wanu, ndikulemba ndili kuno ku Kawale, m'nyumba yomwe ija munkaidandaula kuti inayandikira ngalande.

Ndiyambe ndi zabwino, poti zoipa ndili nazo ndipo sizithawa. Mlongo wanga Chisomo wachira, ndi mwana wamkazi. Mphuno ndi yanu yeniyeni, kulira kwakenso n'kolamula ngati mwini dzina, chifukwa dzina anamupatsa lanu ngakhale alamu ankafuna la kwawo. Kumudzi ku Dowa chimanga chinachitako ngakhale mvula inadula pakati, ndipo amalume anatitumizira, kungoti anankafumbwe anayamba kudya ife tisanayambe. Denga la ku Chinsapo likudonthabe pakona ya chipinda chanu. Mng'ono wanu, amayi aang'ono a Esinati, akukhalabe m'nyumbamo, ndipo makina anu osokera, amene abale anawapatsa pogawa katundu, akhala akuwadyetsa. Makolo ambiri a m'deramo amasoketsa mayunifolomu a ana kwa iwo, monga ankachitira kwa inu.

Tsono nkhani yandilembetsa kalatayi ndi ya njinga yamoto. Mukuchikumbukira chinjinga chachikulu chija ndinagula kwa munthu wochokera ku Joni, cha galasi kutsogolo ndi mabokosi m'mbali? Munakana kuchikwera, munati simungakhale pamsana pa chinthu chopanda chitseko. Chimenecho ndicho chikundithandiza masiku ano. Loweruka lililonse ife a njinga zazikulu timaitanidwa kukatsogolera magalimoto a ukwati, nyimbo zikulira, anthu m'mbali mwa msewu akuimba nthungululu. Vuto linali lakuti masipika amene njingayo inabwera nawo anali atatopa. Ankalira ngati udzudzu wa m'chitini, ndipo ndikangothamanga pang'ono mphepo inkameza nyimbo yonse. Anzanga akafika paukwati pansi pankanjenjemera, ine ndikafika anthu ankafunsa ngati ndayatsa kale. Zinkandiwawa, Amayi, ndisakunamizeni. Nsanje inandigwira.

Ndiye ndinapita nayo ku Biwi kwa a Saidi, mmisiri wa zamagetsi a galimoto. Anachotsa timasipika takale tija n'kuika awiri akuluakulu kutsogolo, ena awiri kumbuyo, osalowa madzi. Pansi pa mpando anamangirira ampulifaya, kabokosi kamene kamapatsa masipika mphamvu, n'kukokera waya wonenepa kuchokera kubatire. Atayatsa, agalu a pagalaja anathawa. A Saidi anaseka n'kunena kuti, "Achimwene, izi n'zapamsewu. Mukafika pakhomo pa anthu muzitsitsa." Ine ndinangogwedeza mutu, mtima uli kale kwa anthu amene ndikawadabwitse.

Chipangizo chatsopanochi chili ndi polowetsa fulashi, kanthu kakang'ono kosungiramo nyimbo. Ndinapita pamsika kwa anthu oika nyimbo aja, ndinapereka foni yanga n'kunena kuti zonse zomvera zili m'menemo azikopere mufulashi, awonjezerepo zaukwati zatsopano. Ndinati zonse. Sindinaganize kuti m'foni momwemo ndimo munali mauthenga anu a mawu, aja munkajambula muli chigonere miyezi yomaliza n'kumanditumizira. Sindinafufutepo ngakhale umodzi. Mtima ukandilemera ndinkaika zomvera m'makutu n'kumakumverani ndekha mukundifunsa ngati ndadya.

Lamlungu lapitalo linali tsiku loona mwana ku Chinsapo, poti Chisomo atatuluka kuchipatala anafikira kwa amayi aang'ono kuti amusamalire. Kunadzaza. Apongozi ake a Chisomo anabwera kuchokera ku Area 25, amayi a kumpingo kwanu analipo, oyandikana nawo nyumba anayala mikeka mpaka kumpanda. Amayi aang'ono anali atadzuka m'mamawa, nkhuku anakazinga, thobwa anali atafulula kale. Ine ndinafika masana, njinga itapukutidwa, jekete lachikopa lili pathupi dzuwa likuswa mtengo. Munkakonda kundiuza kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Tsiku limenelo mbuziyo inali ine.

Ndinaimika njinga pakati pa bwalo n'kuyatsa nyimbo. Azimayi ena anadzuka n'kuyamba kudzigwedeza, ine mtima unangoti myaa. Alamu anandifunsa kuti, "Kodi zimenezi zimamveka mpaka pati?" Ndinayankha kuti mpaka kukiyosiki, kuja munkatunga madzi. Anati ndikunama. M'malo mongoseka, ndinakweza mpaka pomaliza, n'kuwagwira dzanja kuti tipite akadzimvere okha. Tinaisiya njinga ikulira yokha, ife n'kumatsika msewu wafumbi uja.

Ndinapambana, Amayi. Kukiyosiki nyimbo inkamveka bwinobwino ngati wailesi ili pamapazi. Azimayi amene anali pamzere ndi zidebe anatembenuka, ine ndinapinda manja pachifuwa n'kumawayang'ana alamu. Kenaka nyimbo inatha. Panali kachete pang'ono, ndiye kunamveka kutsokomola. Ndinachidziwa chifuwa chanu chisanathe n'komwe.

"Yamikani mwana wanga," munatero, Chinsapo yonse ikumva, "ubwere udzanditenge kuno. Esinati watopa nane. Akamandisambitsa amachita ngati akukwecha mphika. Phala amandipatsa lozizira. Ndikudziwa chimene akudikira, akufuna ndife kuti atenge makina anga. Usamuuze kuti ndakuuza."

Mayi wina pamzerepo anaponya chidebe n'kufuula kuti ndi mzimu. Ena amene ankakudziwani anangogwira pakamwa. Ine ndinathamanga. Sindinathamangepo chotero chibadwire, koma msewu umene ndinautsika modzitama uja unatalika pokwera, ndipo mawu anu ankandichingamira njira yonse. Pabwalo panalibe wodziwa pozimitsira. Wina anali akukanikiza hutala, wina akuvundikira sipika ndi chitenje. Mmene ndinkazula fulashi, zonse zopweteka munali mutanena kale.

Amayi aang'ono anali ataima pakati pa alendo, atanyamula thireyi ya makapu a thobwa. Sanagwetse. Anapitiriza kugawa, akugwada pamaso pa apongozi a Chisomo monga mwa ulemu, mpaka kapu yomaliza. Atatero analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Alendo anayamba kutsanzika mmodzimmodzi, nkhuku itatsala m'mbale. Chisomo anandiyang'ana mwana ali kubere, misozi ikugwera pamutu pa khandalo. Njingayo ndinaikankha ndi manja mpaka kumsewu waukulu, poopa ngakhale kuiliza.

Inu mukudziwa, ndipo ine ndikudziwa, kuti mawu amenewo sanali oona. Amayi aang'ono anasiya munda wawo ku Dowa chimanga chili m'maondo kuti adzakudwazikeni. Ankagona pansi pafupi nanu, ankachapa nsalu zimene ife ana anu tinkaziyang'anira kumbali. Uthenga umenewo utafika ndinadziwa kuti ndi ululu ukulankhula, ndipo mawa lake munanditumizira wina wowayamikira. Koma fulashi siisankha, Amayi. Inatulutsa woipawo, wabwinowo palibe anaumva.

Sabata yonse Chinsapo yakhala ikutafuna nkhaniyi. Ena akuti Esinati anazunza mkulu wake chifukwa cha makina, ndipo makolo angapo anabwera kudzatenga nsalu zawo zisanasokedwe. Ena akuti inu munali munthu wosayamika, woimba bwino kutchalitchi koma wa lilime lakuthwa kunyumba. Ndikamva zoyambazo ndimapsa mtima, ndikamva zachiwirizo ndimafuna kulowa pansi. Onse awiri ndinawapatsa zonena ndine.

Dzulo ndinalimba mtima n'kupita. Njinga ndinaisiya, ndinakwera minibasi. Ndinawapeza amayi aang'ono atakhala pakhonde akusankha nyemba, makina ali m'kati atavundikiridwa ndi chitenje. Ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo. Njira yonse ndinali nditakonza zonena, kuti anali matenda, kuti simunkatanthauza zimenezo, kuti pali uthenga wina woti aumve. Nditangoyamba, iwo anakweza dzanja.

"Usavutike, Yamikani," anatero, maso ali palichero. "Ukuganiza kuti mawu aja ndinawamva koyamba Lamlungu? Tsiku limene ankajambula ndinali kuseri kwa zenera, ndikuchapa nsalu zawo. Ndinamva zonse, kuyambira pa mphika mpaka pa makina. Atamaliza anandiitana kuti ndikawatembenuze. Ndinapukuta manja n'kulowa."

Uthenga umenewo ndaumvera kambirimbiri, ndipo kumapeto kwake, kumene alendo sanafikeko, mumamveka mukuitana kuti, "Esinati, tabwera," iwo n'kuyankha pompo kuti, "Ndabwera, akulu." Sindinadzifunsepo chifukwa chake yankho lija linamveka pafupi chotero.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sananenere kwa wina aliyense. Anasiya kusankha nyemba n'kundiyang'ana. "Ndikanauza ndani, kuti atani nazo? Munthu akamamva ululu amaluma dzanja limene lili pafupi. Ndinalira kuseri, zinatha. Ndinazisunga kuti anthu aziwakumbukira akulu anga ataima bwinobwino, atavala zoyera, akuimba. Za ine anthu anene, sindifa nazo. Koma mwana wanga, ine ndinkatseka chitseko powasambitsa amayi ako. Iwe wawavula pagulu."

Sanakweze mawu, ndipo sanandithamangitse. Anandipatsa madzi akumwa, anandifunsa ngati ndadya. Zimenezo ndizo zinandimaliza. Ndinalira ngati mwana pakhonde panu paja, iwo akupitiriza kusankha nyemba.

Ndachita manyazi, Amayi, manyazi amene sindinawadziwepo. Kwa amayi aang'ono ndapepesa ndipo ndidzapepesabe, koma kwa inu ndilibe pokagwada, n'chifukwa chake ndatenga cholembera. Munandiuza zakukhosi chifukwa ndine mwana wanu, muli pa nthawi imene munalibe mphamvu zodzibisira. Ine ndinazitenga n'kuzikweza mpaka pomaliza kuti ndipambane mkangano wopanda pake ndi alamu. Ndikhululukireni.

Lachinayi amayi a kumpingo kwanu amakumana, ndipo ndapempha kuti andilole kukaima pamaso pawo. Ndikawauza mmene amayi aang'ono anakudwazikirani, ndi mmene inu munkawakondera, ndipo ndikapita khomo ndi khomo kwa onse anatenga nsalu zawo. Ndipita ndi pakamwa panga pokha, popanda sipika. Sindikudziwa ngati andimvere, koma ndikulonjeza kuti sindisiya mpaka makina aja avundukulidwe.

Chotsala ndi pempho limodzi. Chiyambire maliro anu ndakhala ndikupemphera kuti ndikuoneni kumaloto ngakhale kamodzi kokha. Tsopano ndasintha. Ngati kumeneko amalola munthu kubwera kamodzi, musabwere kwa ine. Pitani kwa mng'ono wanu. Anakusungirani mawu aja okha nthawi yonseyi, ndipo palibe anawauzapo kuti pepani chifukwa cha mawuwo.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale ndakuchititsani manyazi.

Ine mwana wanu,
Yamikani