Khadi la mu kompyuta ya a Chimwaza

Lachinayi, kumapeto kwa Meyi. Kwazizira tsiku lonse, fumbi lili kobo.

M'mawa apolisi awiri anafika ku ofesi yathu ya zaulimi kuno ku Mitundu atanyamula kalata yofuna zipani zambiri zandale, nkhani yoletsedwa m'dziko muno. Akuti inasindikizidwa pa makina athu. Abwana anandiitana: "Phiri, makompyuta ndi ntchito yako. Yachokera kwa ndani?"

Ndinakhala pa seva, kompyuta yaikulu yolumikiza zinzake zonse. Kompyuta iliyonse ili ndi khadi lolowetsapo waya, khadi lililonse ndi nambala yake, ndipo seva imakumbukira lomwe linatumiza kalata ku makina osindikizira. Ndinawerenga nambalayo mokweza, tinayendera tebulo lililonse kufananiza. Inapezeka pa kompyuta ya a Chimwaza, kalaliki wathu wokalamba wa ku Nathenje.

"Bwana, ine ndimangotayipa malipoti a fodya," anatero a Chimwaza. Wapolisi anawawomba khofi, magalasi n'kugwa pansi. Mnzake anaponda magalasiwo dala, akuseka. Kenako anawatenga a Chimwaza n'kumapita nawo.

Khadi limenelo linali mu kompyuta yanga mpaka Lolemba. Ndinasinthanitsa ndekha nditamva kuti kalata yanga yagwidwa. Ndinasankha a Chimwaza chifukwa chaka chatha anandinena pagulu kuti ndine mwana wopanda bambo.

Masana akazi awo anabwera ndi mbatata yophika. "Achimwene, abambo a Tadala ali kuti?" Ndinawauza kuti atumidwa ku Lilongwe, abwera mawa. Anathokoza atagwada, n'kundisiyira mbatatayo kuti isawonongeke.

Ndadya yonse. Chikundiopsa n'chakuti inakoma, ndipo mawa mayiwo akabweranso...