Tsamba Lopanda Khomo

Lolemba, 3 Malichi

Ine Saulosi Wilfred Namalomba, wa zaka 71, mneneri wa bungwe lothandizana pa maliro la Amalawi muno mu Durban, amene kwathu ndinapuma pa ntchito yofalitsa nkhani, ndikulemba kuti lero komiti yandigonjetsa. Zolengeza zathu zichoka pa gulu la WhatsApp, zipita pa tsamba latsopano la makanema. Mwini maganizowa: a Chancy, wachiwiri wanga. Akuti, "Madala, anthu sawerenganso, amaonera." Ine ndikuona kuti chimene akuyang'ana ndi mpando wanga.

Lachitatu, 5 Malichi

Pa gulu lakale munthu ankalowa ndikamuvomereza ine. Ndafunsa kuti pa tsamba latsopanoli pakhomo pakhala yani. Kulibe khomo. A Chancy kuseka: "Sharp, ndiye ubwino wake!" Otitsatira aposa kale mamembala athu kanayi. Enawo ndani, ndipo akufunanji kwa ife?

Lamulungu, 9 Malichi

Kanema woyamba. Jekete, tayi. Ndathokoza amayi amene anaphika pa maliro a sabata yatha. A Chancy anati nditchule maina oyamba okha. Ndakana. Munthu wamkulu satchulidwa ngati mwana wa sukulu. Aliyense ndamutchula mokwanira: dzina lonse, mudzi, mfumu yaikulu, ndi dera limene akukhala kuno. Cholinga cha a Chancy n'kundifupikitsa mpaka ndioneke wosafunika.

Lachinayi, 13 Malichi

Mayi Enelesi, mmodzi wa ophika aja, andiimbira akulira. Zaka zonsezi akhala ku KwaMashu, dera lina la muno mu Durban, akugulitsa masamba, osatulutsa liwu la Chichewa panja. Anansi amati ndi a ku Limpopo, chigawo cha dziko lomwe lino. Dzulo kunabwera amuna odana ndi alendo, foni m'manja, akutchula mudzi wawo wa ku Thyolo. Tebulo kugubuduza. Mwini nyumba akuti achoke pofika Loweruka.

Alipo wapereka kanemayu kwa anthu a kumeneko. Ndafunsa a Chancy maso ndi maso. Akuti, "Palibe watumiza, madala. Tsambali limagawa lokha kwa aliyense. Eish, ndinakuuzani." Makina oyenda okha sindiwakhulupirira. Kanemayo ndafufuta. Akuti ena anakopera kale.

Lachisanu, 14 Malichi

Mayi Enelesi afika kwanga kuno ku Overport ndi zikwama ziwiri. Sanandidzudzule. Angoti, "Munatchula bwino, bambo. Simunalakwitse ngakhale pamodzi."

Ndagawa motere:

Chipinda changa, kwa mayi Enelesi, kufikira atapeza pokhala. Ine ndizigona kuseri kwa sitolo ya a Rahman, msungichuma wathu.

Mawu achinsinsi a tsambalo, kwa a Chancy, ngakhale sindinawakhulupirirebe.

Gulu lakale likhala m'manja mwanga.

Amayi ena asanu amene ndinawatchula ndikuwaimbira ndekha, mmodzimmodzi. Anayi ayankha. Foni ya mayi Edna ikungoitana.