Damu ndi Dimba la Amayi

Lachitatu, mwezi wa Outubro, ku Degue mumzinda wa Tete.

Kwacha kotentha kale. Mpopi wa pabwalo umangotulutsa mphepo, ndipo m'njira mumangomveka zigubu zopanda kanthu zikugundana.

Ku sikola apulofesa anati boma likukonza zomanga madamu osungira madzi, chifukwa mitsinje ya kumtunda ikumauma mvula isanayambe. Anajambula chigwa pa bolodi n'kuchidzaza ndi choko. Ndinafunsa kuti anthu okhala m'chigwamo amapita kuti.

"Amasamutsidwa, mwana wanga," anatero. "Koma malo omangapo madamuwo sanasankhidwe."

Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Wa ku Tsangano akuopera mbatata zake!" Onse anaseka.

Sindikuopera mbatata ayi. Dimba la amayi lili m'chigwa ngati chomwecho, ndipo dimbalo ndi limene limawasunga kumudzi pamene ine ndili kuno kwa malume. Tsiku lonse ndakhala ndikuganiza kuti madzi atati alimize, amayi angabwere kudzakhala nane ku Tete. Ndikudziwa kuti ndi maganizo oipa. Manda a bambo ali pafupi pomwepo.

Madzulo ndinawaimbira foni amayi n'kuwauza za damu. Anati mtsinje watsala mchenga wokhawokha, akuchita kukumba kuti athirire kabichi.

"Damulo libwere msanga, tatopa," anatero. "Koma alimange kwina. Ine pano sindichokapo."

Ndinangoti eya. Zanga zija sindinawauze.

Malume abwera ali mbuu ndi fumbi, adya, agona. Akazi awo abwera ndi zigubu ziwiri, china chosadzaza. Ndatseka geti. Palibenso wina woti abwere.