Galimoto Ija Ndaikweza

Amayi anga, kaya mukudzuka bwanji kumeneko?

Kuno tilipo, kungoti chaka sichinatikomere. Mpunga wa kudambo kwanu unacha bwino, koma njovu zinalowa kutatsala sabata imodzi kuti timwete, ife n'kutola zotsala. Inu mukanangopukusa mutu n'kunena zija munkanena chaka chilichonse, kuti njovu nazonso zili ndi ana. Chimanga chilipo, sichifika Khirisimasi. Denga la khitchini yanu lagwa mbali imodzi.

Esinati anachira mwezi wa Juni, mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Ine mlongo wake ndinazimvera kwa mkazi wanga NyaZimba, chifukwa chichokereni kumanda Esinati sanandiyankhule. Chifukwa chake inu simukuchidziwa, popeza tsiku lija la pamsewu munali mutakomoka. N'chimene ndakhalira pansi kuti ndikuuzeni.

Mukukumbukira chaka chatha nditafika ku Tembwe galimoto nditaitsitsa. Ndinali nditaitanitsa masipiring'i aafupi ku Lusaka, ndipo a Mphande, makaniko wa pa boma, anachotsa amene galimotoyo inabwera nawo n'kuika amenewo. Asanagwire sipanala anandichenjeza kawiri. Anati zimenezi ndi za kumene kuli phula, misewu yathu ino idzaing'amba mimba. Sindinamve. Aphunzitsi anzanga ochokera m'tauni ankaonetsana pafoni zithunzi za magalimoto ogwada pansi, matayala atabisala, ndipo ine ndinkafuna kuti ndikamalowa pasukulu anthu azicheuka.

Kumudzi anandiseka. Amalume anagwada n'kusuzumira pansi pake, akuti aone ngati nkhuku ingadutse. Inu munatuluka ndi ndodo yanu, n'kuyang'ana nkhope yanga, kenako munati, "Musiyeni mwana, wanditsitsira ine. Mawondo angawa sakwera zazitali." Linali bodza, Amayi, munandifunditsa kuti ndisachite manyazi. Ndinalilandira, ndinayamba kulinena paliponse, mpaka nanenso ndinatsala pang'ono kulikhulupirira.

M'mawa uja wa mu Febuluwale Esinati anaimba foni kuti mwagwa pakhomo, simukuyankhula, dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi zalefuka. Ndinasiya ana m'kalasi n'kunyamuka. Mvula inali itagwa dzulo lake, malole atakumba msewu mbali zonse ziwiri, pakati patatsala mtumbira. Popita ndinadutsa mwaulemu, tayala limodzi pamwamba. Pobwerera tinali atatu, inu mutagona kumbuyo, mutu uli pamiyendo pa Esinati, ndipo ndinali ndi changu. Tinangomva kugunda pansi. Mwala unali utaboola pamene pamakhala oyilo wa injini. Ndinayendabe pang'ono, injini inazima. Nditatuluka ndinaona mzere wakuda m'matope, kuchokera pamwalapo mpaka pamene tinaima.

Pamalopo foni sigwira. Tinakhala pamenepo kuyambira dzuwa lisanafike paliwombo mpaka linapendeka. Esinati ankakupizani ndi chitenje, akukunyowetsani milomo ndi madzi a m'botolo. Ine ndinkathamanga cha uku ndi uku, kumvetsera ngati kukubwera chilichonse. Imene inatitola ndi vani ya anthu ochokera kumaliro, ndipo pamtumbira womwewo inadutsa osakhudza. Munatisiya kuchipatala mawa lake masana. Ndinafunsa adokotala ngati mukanachira tikanafika msanga. Anati sangadziwe, mwina inde, mwina ayi. Yankho limeneli ndimadzuka nalo tsiku lililonse.

Galimotoyo anaikoka, inakhala pansi pa mtengo wa mango kunyumba kwanga miyezi isanu. Ndinkapita kuntchito wapansi. NyaZimba ankasesa masamba pamwamba pake. Mwezi wathawu ndinaitana a Mphande. Anakonza injini, kenako anapita kuseri kwa galaja yawo n'kubwera ndi masipiring'i akale aja, atachita dzimbiri. Anali atawasunga nthawi yonseyi. Sananene kuti, "Ndinakuuzani." Anangondipatsa jeke kuti ndiwathandize. Manje galimoto yaima monga inabwerera, yoipa maonekedwe ngati kale.

Loweruka tinapita ku Tembwe. Tinamupeza Esinati akupeta mpunga, mwana ali kumbuyo. Anayang'ana galimoto, anayang'ana matayala, n'kumasula mwanayo kumupereka kwa NyaZimba. Ine anangondiyalira mphasa. Mwanayo ali ndi chipumi chanu, Amayi. Ndinamuona ndili patali.

Munkandiuza kuti ndikamanama ndimayang'ana zala zakuphazi, ndiye ndinayesetsa kumuyang'ana Esinati m'maso. Ndinamuuza kuti galimoto ija sindinatsitsire inu. Ndinatsitsira ine ndekha, kuti ndioneke, ndipo ndinachenjezedwa. Anapitiriza kupeta kwa kanthawi, kenako anaika lichero pansi.

"Ndinkadziwa, achimwene. Amayinso ankadziwa. Za mwala zija sindikuimbani mlandu, tonse tinali ndi changu. Chimene chimandiwawa n'chakuti pamaliro, iwo ali m'bokosi, munkauzabe anthu kuti munatsitsira mawondo awo."

Ndinachitadi zimenezo. Anthu ankandigwira paphewa kuti ndisadandaule, ndinachita chifukwa chokonda mayi, ine n'kumavomera. Ndinabisala kumbuyo kwanu muli moyo, ndinabisalanso mutapita.

Mwana sanandipatse kuti ndimunyamule. Titatsanzika anatiperekeza mpaka pamsewu, akuyankhula ndi NyaZimba yekha. Nditayatsa injini ndi pamene anaweramira pawindo langa n'kunena kuti mwanayo akutsokomola sabata yachiwiri, mankhwala a pakiliniki sakuthandiza, ndipo akufuna akamuonetse kuchipatala cha pa boma Lachiwiri. Anati ngati galimotoyo ingafike, ndibwere.

Lachiwiri ndidzapita m'mamawa, ndipo ndidzayendetsa pang'onopang'ono. Ndisanamutenge Esinati ndidzayamba ndaima kwa amalume, ndikawauze ndi pakamwa panga zimene ndakuuzani inu, iwo akauze ena onse amene ndinawanamiza. Zimenezi ndikukulonjezani. Kukhululuka sindikupempha, chifukwa ndikudziwa kuti mungafulumire nako monga munkachitira, ndipo ine sindinafike poyenera kukulandira.

Ndimakusowani, Amayi, ndipo ndimakukondani.

Ine mwana wanu,
Yotamu