Nthiti ya a Dikishonale

Lamlungu, 2 Malichi

Chabweranso chibwenzi cha mng'ono wanga. Mumtima ndimawatchula a Dikishonale. Tayi pakhosi, kutentha konseku. Ntchito yawo n'kudinda mapepala pa ofesi ya inshuwalansi, koma kuwamva akulankhula ungati Chingelezi anachipanga ndi iwo.

Lero phunziro linali la liwu loti "rib". Palibe anafunsa. Amayi anangowaikira nyama ya nthiti m'mbale, iwo n'kukweza fupa m'mwamba ngati akulalikira. Akuti liwu limodzi lomweli ndi nthiti ya munthu, ndi nyama imeneyi, ndi tizitsulo totambasula ambulera, ndiponso matabwa opindika a m'mimba mwa boti. "Chilankhulo cholemera, mayi!" Amayi kugwedezera mutu, chakudya chikuzizira. Kenaka dzanja paphewa pa mng'ono wanga: "Ndipo uyu ndi rib yanga, ngati ya Adamu ija."

Mng'ono wanga n'kumwetulira. Ine ndinatsala pang'ono kutsamwa.

Lachiwiri, 4 Malichi

Ku saluni ndaluka anthu tsiku lonse, zala kuchita kuuma. Kufika kunyumba, ndawapeza atadzitambasula pampando wa malemu bambo, nsapato osavula.

Mng'ono wanga wawalukira juzi. Wakhala akuiluka madzulo alionse akaweruka kokonza mafoni, maso ali psuu. Munthu m'malo mothokoza, akukoka kumapeto kwa mkono: "Ukudziwa kuti timizere iti nato amati rib?" Atatero akuti mkono wina wakhwepa. Popita anaiiwala pampando. Mng'ono wanga anaipinda bwinobwino, ati awapatsa mawa.

Lachitatu, 5 Malichi

Amayi akuti ndili ndi nsanje poti wamng'ono akukwatiwa ine ndili phwii. Nsanje ya chiyani? Tayi?

Lachisanu, 7 Malichi

Lero abwera ndi anzawo awiri a ku ofesi, kudzaonetsa chomwe apeza. Mng'ono wanga ali ndi chibwibwi chibadwire, ndipo akaona alendo liwu limamukakamira pakhosi. Amafuna kufunsa ngati amwa tiyi. "Mu-mu-mu..."

A Dikishonale pompo: "Mu-mu-mu! Ng'ombe yalowa m'nyumba, amwene!"

Mnzawo mmodzi anaseka mpaka kumenya tebulo. Winayo anangoyang'ana foni yake, manyazi. Ine ndinaika thileyi pansi. Ndati alamu, ndevu zonsezi, zimenezi n'zimene munaphunzira?

Osachita n'komwe manyazi. "Aaa mlamu, imeneyonso ndi rib. Kuseleula munthu amene umamukonda. Liwu lomwe lija. Mukanapitirira sukulu bwenzi mukuseka nafe."

Liwu limodzi, mabodza zikwi. Mng'ono wanga ndinamupeza kukhitchini akutsuka makapu otsukatsuka kale.

Loweruka, 8 Malichi

M'mawa ndikusita, ndawamva pakhonde akuuza amayi kuti ukwati ukachitika mkazi asiya ntchito. Akuti nthiti siyenda yokha mumsewu, imakhala mkati mwa thupi. Komanso akuti makasitomala amamuseka. Bodza lenileni! Anthu amaima pamzere kudikira iyeyo, poti foni imene ena aikana iye amaidzutsa. Amayi: "Mwina n'zoona, bambo." Amayinso, atangoona tayi basi nzeru zonse kuuluka.

Masana ndamuluka tsitsi mng'ono wanga. Ndamuuza zonse: kuti munthuyo ndi chitini chopanda kanthu, kuti amanunkhira mafuta otchipa, kuti galu wa aneba ali ndi ulemu kuposa iye. Ndinalankhula mpaka malovu kuuma. Pamapeto anangoti, "Mukundikoka tsitsi, asisi."

Chitsiru cha mwana. Adzalira yekha.

Lamlungu, 9 Malichi

Amalume abwera kudzamva za tsiku la ukwati. A Dikishonale afika ndi tayi ina, yofiira. Atangoyamba kufotokoza za holo imene asankha, mng'ono wanga anaimirira.

"Ndi-ndi-ndi..."

A Dikishonale akumwetulira kale, nthabwala ili pamlomo. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndimumalizire mawu, monga ndimachitira chiyambire ubwana wathu. Mng'ono wanga anandikwezera dzanja.

"Asisi, i-inunso khalani chete."

Ndinakhala chete. Tonse tinadikira. Liwu lililonse amalikoka ngati chidebe m'chitsime, koma palibe limene analisiya panjira. Ndili ndi mawu. Ntchito sindisiya. Ine si ng'ombe. Sindikwatiwa nanu. Tulukani.

A Dikishonale anaseka pang'ono, n'kuyang'ana amalume. Amalume maso kudenga. Anayang'ana amayi. Amayi akukonza nsalu ya patebulo yokonzakonza kale. A Dikishonale anayamba zoti wokondedwa, sunamvetse tanthauzo lake. Amalume anangodzuka, kukatsegula chitseko, n'kuima pambali. Munthu wa mawu onse aja anatuluka opanda ngakhale "tsalani bwino".

Ine chimwemwe chinandikwera mpaka kukhosi, ndimafuna kuimba nthungululu. Mng'ono wanga anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso.

"Ndi-ndinkamukonda, asisi. Musaseke."

Pano ali kuchipinda, wadzitsekera. Ndikumumva akulira. Ndamutungira madzi m'kapu, ali pano pambali panga. Kugogoda sindinagogode.